Ndinaphunzirira pa Dambo, Osati pa Rinki

Mwaseka mokwanira? Iwe Joshua, kavidiyo kameneko waonetsa kale amayi ako, waonetsa agogo ako aakazi, ndipo ndamva kuti watumizanso kwa azakhali ako ku Lilongwe. Pofika mawa mpingo wonse wa kumeneko ukhala ukudziwa kuti a Kamwendo agwa chagada ku Nottingham, miyendo m'mwamba ngati mphemvu yopoperedwa mankhwala. Palibe kanthu. Ikani mafoniwo patebulo, musendere kuno. Iwenso Tamanda, leka kubisa nkhope m'khushoni, ndikukuona mapewa akugwedezeka. Inu muziyankha m'Chingelezi chanucho monga mwa masiku onse, ine ndiyankhula Chichewa, chifukwa nkhani iyi ndikaikamba m'Chingelezi imachita kuzizira.

Ndagwa lero, inde, koma osati chifukwa chosadziwa. Nsapato zobwereka za pa rinki, bwalo la ayezi lija, zili ndi timano kutsogolo ngati sowo, ndiye ine ndinazolowera zina. Ayezi ndimamudziwa ine. Kungoti amene ndimamudziwayo si uyu wa m'nyumba, woweta ngati nkhuku yachizungu.

Taonani mmene zimakhalira kwanuko. Amayi anu amabukitsa pa foni sabata isanathe. Mukafika akupatsani nsapato zabuluu zimene mwapondamo mapazi a Nottingham yense. Nyimbo zili phokoso, magetsi ali ngwee, aliyense akuzungulira mbali imodzi ngati ng'ombe zolowa m'dibi, ndipo ukangofuna kutembenukira kwina, mnyamata wa jekete yowala uja wakuimbira kale wezulo. Kuli khoma loti ugwire. Kuli timapengwini tapulasitiki toti ana azikankha. Mukangoyamba kumva kukoma, akuti tulukani, chigalimoto chija chisalaze ayezi. Sindikunyoza ayi. Ndi pabwino, ndipo palibe mwana amene anamirapo pa rinki. Koma mukamati agogo sadziwa ayezi, ndiyenera kukuuzani kumene ndinakumana naye.

Ine ndinabadwira ku Bembeke, ku Dedza, kumene Amalawi anzathu amati n'kozizira koopsa. Mwezi wa June tikadzuka m'mawa, udzu wa m'dimba unkachita kuyera mbee, masamba a kachewere atapsa ndi chisanu ngati wina wadutsapo ndi muuni. Tinkapita kusukulu opanda nsapato, manja m'khwapa, mano akuombana. Tinkayesa kuti dziko lonse palibe kozizira kuposa kwathu. Koma madzi a m'ndowa ankakhalabe madzi. Ayezi woyamba amene ndinamugwira m'manja anali matalala. Akagwa tinkathamangira panja n'kumatola, kuika m'kamwa, amayi akukalipa kuti tidwala chifuwa. Wachiwiri ndinakamupeza ku Limbe nditakula, m'timapepala tija ta mafirizesi tofiira ndi tachikasu, tongoluma pakona n'kumayamwa. Munthu akanandiuza nthawi imeneyo kuti kuli dziko limene dambo lonse limasanduka firizesi mmodzi, anthu n'kumayenda pamwamba, ndikanamufunsa kuti wamwa kwa yani.

Kutsetsereka kokha tinkakudziwa. Nthawi ya dzinja tinkapeza pamtsetse pa katondo pafupi ndi mtsinje, kuthirapo madzi mpaka paterere, n'kudula thunthu la nthochi. Ukakhalapo, mnzako akukankhe, umapita ngati mphepo mpaka thapsa m'matope. Makabudula athu onse anali ndi mawindo kumbuyo. Palibe ankabukitsa. Malipiro ake tinkakalandirira kunyumba, pamsana.

Kuno ku Leicester anatsogola ndi agogo anu aakazi, kudzagwira unesi. Ine ndinabwera pambuyo ndi amayi anu, ali mtsikana wa sekondale wosafuna kuvala chipewa chifukwa chinkamuonongera tsitsi. Tinayambira ku Highfields, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu, kenaka n'kudzapeza nyumba ino ya ku Braunstone. Ku Limbe ndinali kalaliki pa sitolo ya zitsulo, tayi pakhosi, anthu akundiitana kuti bwana. Kuno ndinalowa keya, kuyenda nyumba ndi nyumba pa basi, kudzutsa okalamba, kuwasambitsa, kuwapangira tiyi. Ntchitoyo sindinkadana nayo. Chimene ndinkadana nacho ndi nyengo yozizira. Kutuluka kuli mdima, kubwerera kuli mdima, dzuwa likangosuzumira pang'ono ngati mlendo wamanyazi n'kubwerera. Chaka chilichonse ndinkauza agogo anu kuti chino ndiye chomaliza, ndikupita kwathu. Iwo ankangoti walira mvula walira matope.

Koma chaka chimene ndikukambachi ndinatsimikiza. Kunazizira mwa mtundu wina, mapaipi akuphulika m'nyumba za anthu, mabasi akulephera kukwera timitunda. Ndinawauza agogo anu kuti kukangoyamba kufunda ndinyamuka, afune asafune. Sanakalipe. Anangosiya kundiyankhula. M'nyumba muno munali zii, tikudutsana pa masitepe ngati anthu ochita lendi. Poti mukundiona ndakhala pano, mukudziwa kale kuti sindinapite. Ndiye musade nkhawa, mverani chabe.

Mwa anthu amene ndinkawasamalira munali mdala wina dzina lake a Harold. Ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, a Susan, cha ku Beaumont Leys. Sanali a m'tauni ayi. Anali mlimi wa ku Lincolnshire, kufupi ndi Spalding, ndipo anawabweretsa ku Leicester sitiroko itawapha mbali ya kumanzere. Anali munthu wamtali, manja ngati makasu. Mawu ankatuluka movuta, ndiye sankawaononga. Dzina langa la Wyson linawakanika, ankanditcha Wilson, ine n'kuvomera. Tsiku lonse ankakhala pawindo kuyang'ana mpanda wa neba.

Kuzizira kuja kutayamba, mdala anasintha. M'mawa uliwonse ndisanawasambitse ankandituma kuseri kwa nyumba, kumene kunali kambale ka simenti komwera mbalame, kuti ndikatenge ayezi wa mmenemo. Ndinkabwera naye pa sosala ngati ndikupereka keke. Iwo ankamugwira ndi dzanja lamoyo lija, kumupima ndi zala, kumuyang'ana pa kuwala, n'kupukusa mutu. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ine ndinkangoti ukalamba uli ndi masewera ake. Mpaka m'mawa wina ayezi anakana kuchoka m'kambale, ndinachita kumugogoda ndi njerwa. Nditawapatsa chibenthucho anamwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa, n'kundiuza kuti ndipite ku galaja, pashelefu yapamwamba pali katoni, ndikawatengere masiketi awo.

Tsono inu ana, khutu la Mchewa likamva siketi limaona chovala cha amayi. Ndinaima kaye. Ndinaganiza kuti mwina akunena za malemu akazi awo, mwina mutu wayamba kusokonekera. Kufunsa ndinachita manyazi, pajatu safunsa anadya phula. Ndinakafufuza m'galaja monse, ndipo chimene ndinapeza chofanana ndi siketi chinali katani yakale yamaluwamaluwa. Ndinaipinda bwinobwino n'kubwera nayo, kuipereka ndi manja awiri. A Susan anali akutuluka kupita kuntchito. Atamva nkhaniyo anakhala pansi pa sitepe, kuseka mpaka misozi. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka m'nyumba imene ija.

Anakatenga okha katoniyo. Munali zitsulo ziwiri zazitali ngati zikwanje zopyapyala, zopindikira m'mwamba kutsogolo, chilichonse chokhomedwa ku kathabwa, ndi malamba achikopa omangira ku nsapato wamba. Zinali za malemu bambo awo a mdalayo. Masiku otsatirawo mdala anayankhula kuposa miyezi yonse imene ndinawadziwa. Anandiuza kuti kwawoko dziko ndi lathyathyathya, lotsika, ndipo nthawi yozizira madzi a m'mitsinje amawalola kusefukira m'madambo odyetsera ng'ombe. Kukazizira kwambiri dambo lonse limauma gwa. Kalekale nthaka ikauma chotero ganyu wa m'minda ankatha, mabanja n'kumagona ndi njala, ndiye eni minda ankakonza mipikisano, wopambana n'kupita kwawo ndi thumba la ufa kapena mwendo wa nkhosa. Anthu ankayenda pa ayezi m'ngalande kuchoka mudzi uno kukafika mudzi wina kukaona chibwenzi. Ine ndinkapukuta zitsulo zija ndi mafuta, kumamvetsera.

Kenaka ananena chimene chinali kumtima. Ankafuna kupita kudambo la kwawoko.

A Susan anakana, osazungulira. Anati chifuwa cha bambo awo sichingapirire, msewu ndi woterera, ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Mdala anatembenukira kwa ine, kundinong'oneza kuti tingobwereka galimoto tipite awiri mwana wawo ali kuntchito. Ndinawauza kuti zimenezo sindingachite. Munthu wopatsidwa kholo la mwini kuti ulisamale sulibera mwini wakeyo. Anangobwerera kuwindo kwawo. Kuyambira tsiku limenelo phala ankangolilawa. Ayezi wa mbalame anasiya kumuitanitsa.

Chifukwa chenicheni a Susan anadzandiuza kukhitchini, akutsuka makapu, osandiyang'ana. Ndipo apa, Joshua, tchera khutu, chifukwa ndinakuona chaka chatha ukuponda ndi phazi limodzi m'mbali mwa dziwe la kupaki. Ali kamtsikana, a Susan anathawa ndi anzawo kupita pa dziwe lina la kuseri kwa mudzi, pamene kale ankakumbapo dothi la njerwa. Limenelo silinali dambo la ng'ombe ayi, linali dzenje lakuya. Ayezi wake pamwamba ankaoneka chimodzimodzi. A Susan anafika pakati, n'kumva pansi pakupindika, kenaka anali m'madzi mpaka m'khosi. Bambo awo anawavuula atagona chafufumimba pa makwerero. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pa ayezi. Ana awo ankapita nawo ku rinki, iwo n'kukhala pamwamba ndi kapu ya khofi, kuyang'ana kudzera pagalasi. Ndiye mundimve bwino: dziwe la kupaki, ngalande za m'tauni, nyanja ya ku Rutland, musadzayerekeze, ngakhale mutaona galu akuthamangapo. Galu alibe agogo omulira.

Nkhaniyo inandilemera, ndipo ndinalibe woti ndimuuze kupatula munthu amene sankandiyankhula. Tsiku lina m'mawa agogo anu atabwera kuchokera ku shifiti ya usiku, akuvula nsapato, ndinangoyamba kukamba ngati ndikuuza khoma. Anamvetsera osatembenuka. Nditamaliza anati munthu amene wasiya kudya amafa msanga kuposa amene wazizidwa pang'ono, ndipo ngati mwana wawo akuopa chifuwa afunse dokotala m'malo mongoganiza. Anatchula zofunika: mabulangeti, mabotolo a madzi otentha, fulasiki, osakhalitsa panja. Kenaka anatsegula kabati n'kundiponyera chitenje chawo, ati ndidzaona ndekha ntchito yake.

“Koma inuyo mukakamira kumeneko,” anatero, “musayembekeze kuti ndikutumizani ku Dedza. Ndikuikani konkuno, kozizira.”

Amenewo anali mawu okoma kwambiri amene ndinamva mwezi wonsewo.

A Susan anafunsadi dokotala, ndipo dokotala sanaletse. Kenaka mnzawo wakale wa a Harold anaimba foni kuti dambo lagwira, lauma gwa, anthu ayamba kale kupitako. Lachisanu a Susan anandipeza pakhomo n'kunena kuti mawa tipita, koma bambo akaonera ali m'galimoto, hita ikuyaka, ndipo palibe wotsika.

Ulendo wa kumeneko, kwa munthu wa ku Dedza, ndi wodabwitsa. Mukangodutsa timapiri ta kuno, dziko limagona pansi osadzukanso. Palibe phiri, palibe chulu. Minda yakuda yoyera ndi chisanu, ngalande zowongoka ngati zojambula ndi rula, nsanja ya tchalitchi ikuoneka kutali koma osafikako. Ndinkaona ngati thambo latsika kudzatikhalira pamutu. Mdala anali kutsogolo, akutchula maina a minda ndi eni ake, ambiri a iwo malemu.

Tinaima pamwamba pa chimtumbira chachitali chotchinga madzi, pamene panali kale magalimoto ndi mathirakitala. Ndinayang'ana kumunsi. Dambo lonse, kuchoka apa mpaka kumene maso alekezera, linali galasi. Osati loyera ngati la ku rinki, koma lakuda, lowala. Mitengo ya mpanda wa ng'ombe itangotulukira mitu. Ndipo pamwamba pake anthu. Madala ovala zipewa za ubweya, atawerama, manja kumbuyo, akuyenda mwakachetechete ngati akakowa ouluka pansipansi. Amayi akukoka ana pa matabwa. Agalu akutereraterera. Uyu akupita uku, uyo akupita uko, popanda wowaimbira wezulo. Panalibe nyimbo, koma ayezi yekha ankaimba. Munthu akadutsa patali umamva kulira kwina kochokera pansi, ngati waya wa gitala wautali kwambiri wakhudzidwa.

Zoti palibe wotsika zinatha pasanapite nthawi. Mdala wina anasuzumira pawindo, n'kuitana mnzake, mnzakeyo n'kuitana wina. Posakhalitsa galimoto inazunguliridwa ndi nkhalamba zofiira mphuno, zikugwira a Harold dzanja. A Harold anatsegula okha chitseko. A Susan anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kumwamba. Mmodzi wa madala aja anawatenga a Susan n'kutsika nawo m'mphepete, kuwaonetsa pansi. Udzu unkaoneka bwinobwino mkati mwa ayezi, wobiriwira, utagona ngati wapesedwa. Anawauza kuti madzi a pamenepo, ngakhale ataswa, salekeza n'mawondo omwe. A Susan anati zimenezo akuzidziwa, anabadwira komweko. Koma sanaletsenso.

Njinga ya olumala imene a Harold ankayendera inakanika kutsika pa mtumbira. Wina anathamangira ku thirakitala yake n'kubwera ndi mpando wathabwa wa kukhitchini, ati ndi umene ana a kumeneko amaphunzirira, kuukankha kutsogolo kuti asagwe. Tinawanyamula mdala anthu anayi, kuwakhazika pampando paja, mabulangeti, mabotolo a madzi otentha m'mbali. Koma mbali yakufa ija inkawakokera pansi. Apo m'pamene ndinakumbukira chitenje. Ndinawakulunga nacho pachifuwa n'kumanga mfundo kuseri kwa mpando, monga amaberekera mwana. Tangoganizani, mzungu wamtali wa zaka zake, chipewa chaubweya kumutu, atamangidwa ndi chitenje cha mbalame zachikasu cha pa msika wa Limbe.

Kenaka analoza zitsulo zija, n'kuloza mapazi anga.

Ndinayesa kukana. Ndinati ndine wa keya, ntchito yanga ndi kuima pambali ndi fulasiki. Madala aja sanamve n'komwe. Anandikhazika pa bampala ya galimoto, kumanga malamba pa majombo anga a kuntchito, kundiimiritsa, kundigwiritsa msana wa mpando, n'kundisiya.

Ana inu, miyendo imene ndakhala nayo moyo wanga wonse inandikana tsiku limenelo. Wina unkafuna ku Ntcheu, wina ku Salima. Ndinakakamira mpando uja ngati ndi mayi anga. A Harold, osatembenuka, ankapereka malamulo pang'onopang'ono. Ndisayang'ane mapazi. Ndipinde mawondo ngati ndikukumba mbatata. Ndisayende ngati ndili pamsewu, ndikankhire phazi cham'mbali. Ndinayesa, mpando unasuntha. Ndinayesanso, unasunthanso. Ine ndinkagwira mpando kuti ndisagwe, mpando unkadalira ine kuti uyende, ndipo sindikudziwa kuti ankasamalira mnzake ndani pamenepo.

Tinafika patali ndithu. Ine ndinkadziona ngati katswiri, mpaka kamwana kovala ngati chimbalangondo kanatidutsa kakudya bisiketi. Mdala anayamba kugogoda mwendo wa mpando ndi chidendene.

“Wilson, maliro anga sanafike. Thamanga.”

Ndinathamangadi. Ndinakankha ndi mphamvu zonse za ku Bembeke, mapazi onse awiri anathawira kumbuyo, ine khu, chibwano pa ayezi. Mpando sunandidikire. Unapitirira wokha, ukuzungulira pang'onopang'ono, chitenje chikuuluzika, a Harold ali pompo ngati mfumu ya pa machila yothawidwa ndi onyamula. Ndili chigonere ndinamva akuseka, chiseko chachikulu chokhala ngati chifuwa.

Ndisanadzuke, wina anandidutsa akuthamanga mwa timasitepe tating'ono. Anali a Susan, ndi nsapato zawo za m'galimoto. Anaugwira mpando, kuwagwira bambo awo kumaso, kuwafunsa ngati avulala. Atatsimikiza kuti ali bwino m'pamene anayang'ana pansi n'kuona pamene aima. Anangouma.

Mayi wina wa msinkhu wa a Susan anafika n'kuima pambali pawo. Ndinamva pambuyo pake kuti anaphunzira limodzi ku pulayimale, ndipo analipo tsiku la pa dziwe lija. Sanawanyengerere. Anangokhala pansi pa ayezi, kumasula nsapato zake za zitsulo, n'kuziika patsogolo pawo. A Susan anati papita zaka zambiri, sangathenso.

“Mutu ndiwo umaiwala, osati miyendo,” anatero a Harold. “Vala, mwanawe, ndikuzizidwa.”

Anavala. Poyamba ankagwedezeka ngati ine ndemwe. Anakankha kamodzi, kawiri, atakakamira mpando. Kenaka ndinaona msana wawo ukutsika, mwendo ukutambasukira cham'mbali wokha, ndipo zitsulo zinayamba kulira mofanana, uku, uku, uku. Mpando unanyamuka. Madala aja anawapatukira, ena n'kuwatsatira m'mbuyo. Anapita, anapita, mpaka chimene ndinkaona chinali kadontho kachikasu kumapeto kwa dambo.

Zinali zokongola, ndipo ndinapukuta m'maso. Nditamaliza kupukuta m'pamene ndinazindikira kuti anthu aja apita ndi mpando wanga.

Ndinali ndekha pakati pa dambo. Pa rinki ukasowa chochita umakwawira kukhoma. Kumene kuja khoma lake linali Lincolnshire. Madala ankandidutsa, aliyense n'kugwedeza mutu mwaulemu, kunena kuti kwacha bwino lero, n'kumapita. Mumawadziwa anthu a kuno, kukuthandiza usanapemphe amakuona ngati kukunyoza. Ndinaganiza zokwawa. Koma ndinati mwana wa a Kamwendo, bambo wa mwana wamkulu, akwawe pamaso pa agalu? Ndinagwada, kuimika phazi limodzi, kenaka linalo, n'kuima.

Ndipo poti ndinalibe kothawira, ndinayang'ana. Dzuwa lija ndinkalinyoza linali pansipansi, lofiira, ndipo ayezi yense analitenga n'kulimwaza. Atsekwe ankadutsa m'mwamba akukangana. Mpweya unkalowa m'chifuwa ngati madzi a pachitsime m'mamawa. Pansi pa mapazi anga panali udzu umene ng'ombe zidzadye kukafunda. Zaka zonse zija kuzizira ndinkakuona ngati chilango chimene dziko lino linalandira. Sindinkadziwa kuti kuli anthu amene amakudikira ngati mmene ife tinkadikirira mvula yoyamba.

Ndinapinda mawondo, kukankhira phazi cham'mbali. Ndinagwa. Ndinadzuka, kukankhanso. Sindikuuzani kuti ndinagwa kangati, chifukwa Joshua akauza anthu. Koma penapake pakati pa kugwa ndi kugwa, phazi limodzi linanditenga n'kupita nane, lee, popanda ine kuchita kanthu, ndipo ndinamva chimene ndinachimva komaliza pa thunthu la nthochi. Ndinakuwa ndekha m'Chichewa. Nditafika kumtunda, thukuta lili kamukamu m'kati mwa jekete, ndinapeza a Harold ali kale m'galimoto, masaya ali psuu, kapu m'manja. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti ndachedwa, tiyi watha.

Patapita masiku ochepa chabe mvula inabwera, dambo linabwerera kukhala madzi. Ndinkaopa kuwauza a Harold. Koma iwo anati ndi mmene amakhalira ayezi weniweni, sachedwa, n'chifukwa chake akabwera umasiya zonse n'kuthamanga. Anadya phala lonse m'mawa umenewo n'kupempha lina. Anakhala nafe chaka china chathunthu, ndipo anamwalira nthawi yotentha, mawindo ali otsegula. Kumaliro kwawo ine ndi agogo anu tinakhala kutsogolo, pamodzi ndi abale.

Zaka zotsatira ndinapitako ndithu, nthawi zonse pamene kwazizira mokwanira, ngakhale kuti masiku ano zimachitika patalipatali. Chaka china dambo limagwira masiku awiri, zaka zina osagwira n'komwe. A Susan anapuma pantchito, tsitsi lonse layera, koma kukangochita chisanu masiku angapo otsatizana amayamba kuimbira anthu a kwawo. Ulendo wapitawu anandiimbira m'mamawa, ati Wyson, lagwira, konzekani ndikudutsa. Ndinawauza kuti mayi, ine ndakula tsopano, mawondo sakundilolanso kupita kutali. Iwo anati palibe vuto, mpando ulipo.

Ndinaseka, koma usiku wake agogo anu anandipeza ndikuyang'ana m'kabati mwawo, n'kundifunsa kuti ndikufuna chitenje chamaluwa kapena chambalame.

Ndiye nkhani ili apa, inu akatswiri a ku Nottingham. Wokhala pampando wapezeka. Amene akusowa ndi wokankha.